Phunziro la bambo anga pa mtsinje wa Linthipe

Ndikukumbukira ndili mu Sitandade 7 kwathu ku Dedza, aphunzitsi anandibwereka buku lothothoka chikuto lonena za nkhondo yapachiweniweni ya ku Amereka. M'bukumo munali mkulu wa asilikali apakavalo amene anaima masiku awiri m'mbali mwa mtsinje wosefukira, mpaka adani ake anamuthawa.

Bambo anga, omwe anali atapuma usilikali, ankamata chubu cha njinga pakhonde. Ndinawawerengera nkhaniyo, n'kunena kuti mkuluyo anali wamantha.

"Ukanakhala iweyo ukanatani?" anandifunsa.

Ndinajambula mtsinje padothi, miyala n'kukhala akavalo. Ndinati ndikanagawa gululo pawiri, ena akawolokere kumtunda, ena alowe pomwepo kuti adani asokonezeke. Bambo anabweza miyala yanga umodziumodzi. Anati kavalo wotopa sasambira, ndipo onga ukanyowa mfuti imasanduka ndodo. Tinatsutsana mpaka guluu anaumira m'manja mwawo. Kenako ndinalusa.

"Ndiye kuti nanunso mukanachita mantha basi!"

Sanandimenye. M'mawa mwake, mvula itangokata, ananditengera ku Linthipe. Madzi anali psuu, akununkha matope, atanyamula mapesi ndi nthambi.

"Lowa, akufike m'mawondo," anatero atandigwira padzanja.

Ndinalowa monyada. Mchenga unayamba kuthawa kunsi kwa mapazi anga, miyendo ikukokedwa, ndipo ndinakuwa. Atandivuula anakhala pamwala, maso ali tsidya.

"Nthawi ya nkhondo ku Mozambique ndinalamula anyamata asanu kuwoloka madzi ngati awa, poopa kutchedwa wamantha. Anatuluka anayi. Kwa mayi a winayo ndinapita ndekha kukanena."

Nkhaniyo sanaibwerezenso. Anamwalira ine ndili kuno ku Doha, kudziko la Aluya, pa kontrakiti, ndipo maliro awo ndinaonera pafoni. Dziko lino lilibe mtsinje ngakhale umodzi, moti nthawi zina ndimasowa ngakhale fungo la matope. Ntchito yanga ndi kuyendetsa ana a bwana pagalimoto kuchoka kunyumba kwawo ku Al Markhiya kupita kusukulu. Tikachedwa bwana amati "yalla, yalla", kutanthauza kuti fulumira, koma ine sindiponda moto, chifukwa ndanyamula ana a eni.

Tsopano ndikudziwa kuti tsiku lija bambo sankangotsutsana ndi mwana. Ankasirira mkulu wa m'buku uja, amene analimba mtima n'kudikira. Ine sindinawapepese konse, ndipo nditapatsidwa ola limodzi lokha loti ndikhale nawo, ndingayambire pamenepo.