Wogulitsa Tomato Amene Anaphunzitsa Foni Kugawa Mawu

Tsiku limene anaitanidwa kusukulu, Dyness anafunditsa tomato wake pamsika wa Chongwe. Zomwe akamve ankazidziwa kale.

"Nelesi wanu sakwanitsa kuwerenga," anatero aphunzitsi, Ba Mwaanga. "Akaona b ati d. Ngati sasintha, azabwerezanso giredi."

Vuto limeneli Dyness anali nalonso. Kuyambira ali mwana ku Kanakantapa, zilembo zinkamusinthanira malo papepala. Mayeso omaliza anawalephera, atabwereza analepheranso, abale n'kumutcha mbuli. Tsopano mwana wake yekhayo anali atayamba kunamizira m'mimba m'mawa uliwonse kuti asapite kusukulu.

Pafupi ndi tebulo la Dyness pamsika panali kashopu ka Ba Sanford, okonza mafoni. Tsiku lina anamuonetsa nambala ya pa WhatsApp yomwe imadziyankhira yokha mauthenga.

"Nanga ayankha ni ndani?" anafunsa Dyness.

"Kulibe munthu, amake Nelesi. Ni pulogalamu chabe, wina anailemba."

Mawuwo sanamuchoke m'mutu. Nelesi ankaopa maso a anthu akamawerenga, koma foni sankaiopa. Bwanji patakhala pulogalamu yoti mwana aitumizire liwu, iyo n'kumugawira zilembo popanda womuseka?

Ba Sanford anamubwereka laputopu yakale, namuonetsa maphunziro aulere a pa intaneti. Dyness ankaphunzira masana makasitomala akachepa. Ntchitoyo inamukhudza pachilonda penipeni, chifukwa pulogalamu sikhululuka: ukalakwitsa chilembo chimodzi, zonse zimaima. Anakulitsa zilembo, n'kumalondola mzere uliwonse ndi chala. Kangapo konse anaibweza laputopuyo misozi ili m'maso. Ba Sanford ankangoibwezera pansi pa tebulo la Dyness.

Mvula inabwera n'kupita. Pa nthawi yokolola, pulogalamuyo inayankha koyamba. Ukalemba "bambo", inkabweza "ba-mbo", n'kuonjezera kuti mimba ya b ili kumanja, ya d ili kumanzere. Nelesi anayamba kuitumizira mawu aliwonse omwe waona pa minibasi.

Ba Mwaanga atamva, anapempha Dyness kuti akaionetse pamsonkhano wa makolo. Anapita limodzi ndi Nelesi. Makolo anatumiza "sukulu", anatumiza "chimanga", zonse zinayenda bwino. Kenaka bambo wina anatumiza "ng'ombe". Foni inangoti zii.

Anadikira. Sinayankhe.

"Wa tomato azaphunzitsa ana athu bwanji?" anatero mayi wina kumbuyo, ena n'kuseka.

Chitseko chinali pafupi, ndipo miyendo ya Dyness inkafuna kuthawa. Koma anaona Nelesi atabisa nkhope m'manja. Akathawa lero, mwanayu aphunzira kuthawa moyo wake wonse.

"Nipaseniko kanthawi," anatero Dyness.

Anakhala padesiki ya ana, natsegula laputopu anthu onse akumuyang'ana. Chala chinatsika mzere ndi mzere mpaka anapeza pomwe panavuta: kachizindikiro ka pakati pa g ndi o sanaiphunzitse pulogalamuyo, ndiye inkasokonezeka ikakaona. Anakonza.

"Tumizaninso, atate."

Foni inalira. Bambo uja anaiyang'ana, kenaka anaipereka kwa Nelesi. Mwanayo anaimirira, nawerenga pang'onopang'ono kuti, "Ng'o-mbe." Anatumiza liwu lina yekha, naliwerenganso mokweza. Mayi ananyoza uja ndiye anayamba kupempha nambalayo.

Chaka chimenecho Nelesi sanabwereze kalasi. Lero aphunzitsi a masukulu angapo, mpaka cha ku Chalimbana, amapatsa makolo nambala ija, ndipo Dyness amaphunzitsa atsikana kulemba mapulogalamu Loweruka lililonse.

Inu amene munatchedwapo mbuli, chomwe chinakugwetsani mumachidziwa bwino kuposa aliyense, ndipo mwina ndinu amene mungachikonzere ena. Zikaima pamaso pa anthu, musathamangire chitseko. Khalani pansi, mufufuze pomwe palakwika, muyesenso.