Tsiku Limene Ndinakana Manja Abodza

Chaka changa choyamba pa koleji yosula aphunzitsi ku Kabwe ndinali waganyu chabe. Ntchito yokhazikika inkadalira phunziro limodzi. Mkulu wa gawo la masamu, mayi wosaseka wamba, ankadzakhala kumbuyo kwa kalasi n'kumaonerera mmene ukuphunzitsira. Akakhutira, ntchito ndi yako. Akapanda kukhutira, unkanyamula katundu. Ine ndinali nditatopa kugona pabalaza kwa achemwali anga ku Bwacha, ndipo ntchitoyo ndinkaifuna ndi mtima wonse.

Dzulo lake, ophunzira anga ananditsekereza pakhomo. Wowayankhulira anali mtsikana wa ku Kamushanga, wapakamwa ngati wogulitsa salaula, zovala za kaunjika.

"Madamu, osavutika, plan ilipo," anatero. "Mukafunsa question, tonse tizaimika manja. Bamene baziba, la kumanja. Bamene sibaziba, la kumanzere. Imwe muzisankha chabe ba kumanja."

Ndinaseka, kenako ndinapsa mtima. Akuti makalasi ena onse ankatero. Ndinadziwa kuti chinali chikondi, ndipo sindinama, ndinatengeka nazo pang'ono. Koma awa anali aphunzitsi a mawa, ndipo mmera mpoyamba. Ndinawauza kuti ndikangoona dzanja lamanzere, ndidzayamba ndi lomwelo.

M'mawa mwake mayi aja anafika nakhala pakona. Ndinalongosola kagawidwe ka mafulakishoni bwinobwino, mwa kuona kwanga, kenako ndinafunsa funso. Manja amene anakwera anali owerengeka. Ena onse maso pansi. Mumtima ndinayamba kutsanzikana nayo ntchito.

Ndiye anaimirira bambo wina wachikulire, amene anagwira ntchito zaka zambiri kunjanji asanabwerere kusukulu. Anzake ankamuseka kuti ndi agogo a kalasi, motero sankayankhula kawirikawiri.

"Madamu, munikhululukire," anatero. "Ine sininamveko olo pang'ono. Nichifukwa chani tipindamula ija ya pansi?" Ankafunsa chifukwa chimene timatembenuzira fulakishoni yachiwiri pogawa.

Wina anati aseke, ndinamuyang'ana, anameza. Ndinasiya zonse zimene ndinakonza. Ndinang'amba pepala pakati, theka lililonse ndinaling'ambanso, n'kuwapatsa bambowo kuti awerenge okha zidutswa zimene zikukwana mu theka. Analakwa, tinabwereza. Ena amene poyamba anali chete anayamba kufunsa nawo, mpaka kutsutsana mokweza. Potsiriza bambowo anatenga choko nalemba yankho lolondola pa bolodi. Nthawi inatha ndisanafike ngakhale pakati pa phunziro.

Ophunzira atatuluka, mayi aja anabwera kutsogolo pang'onopang'ono.

"Simunasilize phunziro," anatero.

"Sininasilize, amayi."

"Sabata yonse nayenda mumakalasi. Kulikonse bonse baziba vonse, manja m'mwamba monga ni ku chechi. Muganiza ine siniona kuti ena niya kumanzere?" Anatola chidutswa cha pepala chimene chinagwa pansi, nachiika patebulo langa. "Lelo ndiye naona munthu aphunzira. Mubwere ku ofesi Mande, muzasaine."

Ndaphunzitsa zaka zambiri chichokereni tsiku limenelo, ndipo ophunzira anga ena akhoza mochititsa kaso. Koma phunziro limene ndimanyadira kuposa onse ndi lomweli, limene sindinalimalize.