Khoma Lovala Kabudula

Nditangomaliza mayeso a Fomu 4, ndinaona kuti ndi bwino ndiyambe ndachoka kwathu kwa Kabudula akuluampingo asanakhale pansi. N'kuti nditasinthanitsa manambala a nyimbo pabolodi la kutchalitchi, mpingo wonse n'kuyamba ya pamaliro tsiku lobatiza ana. Amayi sanandiletse. Anandikweza basi ya ku Blantyre, kwa amalume anga amene amajambula mapulani a nyumba pakompyuta.

Kumeneko dzina langa loti Yankho linafa tsiku loyamba. Anzawo a amalume atangomva kumene ndimachokera, basi.

"Kabudula, katigulire chiwaya."

"Kabudula, kodi buluku udzavala liti?"

Ndinkaseka nawo, koma ndinene zoona, kunali kusungulumwa. Mzinda wonsewo panalibe munthu wondidziwa mokwanira kuti andikalipire bwinobwino. Tindalama ta amalume tinkangothera mayunitsi oimbira amayi.

Ntchito yokha ndinaikonda. Khoma la m'kompyuta lili ngati munthu wovala: pulasitala ya mkati, njerwa pakati, pulasitala ya kunja. Zitatuzi zimayambira pamodzi n'kuthera pamodzi chifukwa zinakiyidwa. Amalume anandionetsa kuti ukalidula khomalo n'kuliona cham'mbali, kenako n'kudina kunsi kwa pulasitala, pamatulukira kaloko kakang'ono. Ukakatsekula, umatha kukoka pulasitala yokhayo, njerwa n'kutsala pomwe zili.

"Timatero kuti ya kunjayi itsike, iphimbe silabu ndi maziko," anatero. "Apo ayi, madzi ogwa kudenga amadya njerwa zapansi."

Ine ndinamvapo china: ngati imatsika, ndiye kuti imakweranso.

Nthawi imeneyo amalume ankajambula nyumba ya amayi, imene amayiwo anaiumbira njerwa ndi kuigulira simenti pang'onopang'ono akagulitsa mtedza. Tsiku lina amalume atapita kusaiti, ndinatsekula kaloko kaja n'kukokera pulasitala m'mwamba mpaka m'mawondo. Makoma onse. Nyumba inavala kabudula, njerwa zili poyera ngati miyendo ya mwana wa Sitandade 1. Mpaka pano ndikaikumbuka ndimaseka ndekha. Inali yokongola.

Ndinkadikira kuti amalume aione akuwe. Sanaione n'komwe. Anaitumiza pafoni kwa a Nkhoma, abiluda a kwathu, ine osadziwa, ndipo nanenso ndinaiiwala.

Patapita miyezi ingapo, unabwera uthenga wa amayi: "Pulasitala tapaka ndendende mmene munajambulira. Simenti yathera pomwepo. Mvula yayamba."

Ndinaimba, foni yozima. Ndinaimbanso, yozimabe. Amalume ndinangowauza kuti ndasowa kwathu, lomwe silinali bodza kwenikweni.

Ulendo umenewo sindidzaufunanso. Pa Dedza mitambo inali bii. Mu minibasi yodzera ku Nsaru mvula inkamenya magalasi, ine n'kumaona m'mutu mwanga njerwa za amayi zikusungunuka kunsi, khoma likugwada. Mayi wina pambali panga anandifunsa ngati ndikupita kumaliro. Ndinati sindinadziwebe.

Nditakhota pamalire a dimba lathu, nyumba ija ndi iyo. Pulasitala yatsika mpaka pansi, maziko onse ophimbidwa, kunsi atapakako penti yakuda. Ndinangokhala pamulu wa mchenga, wonyowa womwewo, n'kumapuma ngati ndathamangitsidwa ndi agalu.

Amayi anatuluka akupukuta m'manja.

"Wafika, eti? Kodi nyumba yanga yavala bwino?"

"Amayi, inu munalemba kuti…"

A Nkhoma anali pawindo akuika magalasi. Anaseka mpaka kutula pansi chitsulo chomwe anagwira.

"Iwe mnyamata, pulani itafika ine mutu unaima. Ndinati mwina ndi fashoni ya m'tauni, ndiwaimbire amalume ako. Amayi akowa anangoiyang'ana kamodzi n'kuti, 'Musataye mayunitsi, abambo. Izi si za ku Blantyre ayi, uyu ndi Yankho. Pakani mpaka pansi.'"

Ku Blantyre akatswiri onse aja anaiphonya. Kuno mayi amene sanagwirepo kompyuta anazindikira dzanja langa pa kachithunzi ka pafoni.

"Nanga foni munazimitsiranji?" ndinafunsa.

"Ndikanayankha ukanabwera? Miyezi yonseyi umangoti mawa, mawa. Munda ukudikira kupalira, ndipo akuluampingo akudikirabe iwe."

"Koma amayi, ndinatsala pang'ono kufa ndi mantha m'basi muja!"

"Ndinkadziwa," anatero, akundilanda chikwama. "Kodi khalidwe lakoli unkayesa unatengera bambo ako?"