Legeni ya a Policarpo, mlonda wa antena

A Policarpo a ku Ntengo-Wambalame alonda antena ya mafoni zaka khumi ndi chimodzi, ndipo pa zaka zonsezo mdani amene anamugwira ndi mbuzi basi. Ntchitoyi amainyadira kuposa akazi awo. Ngakhale kokumba mbatata amapita atavala kapusi ya kampani, kuti mbatatazo zidziwe kuti akuzikumba ndi munthu wa pa ntchito.

Chaka chatha kunabwera kalata yochokera ku Tete. A Adelina, akazi awo, amene sukulu anafika kwarta kalasi, chaka chachinayi, anawerenga mpaka thukuta: dironi, kandege kojambula kaja, isayandikire antena mametala mazana awiri. Mlonda woilekerera ntchito yamuthera.

"Mametalawo ndi a pansi kapena a m'mwamba?"

"Kalata sinanene, bambo."

"Nanga ikabwera ndiitani?"

"Yangoti muiletse."

A Policarpo anatenga chingwe chobzalira mbatata, nayeza mbali zonse, naika miyala yopaka laimu ngati malire a munda. Vuto ndi loti kumwamba mwala sukhala. Masabata atatu anayenda khosi lili chagada, kukayikira khwangwala aliyense.

Tsiku lina m'mawa chinthucho chinabweradi, chikulira ngati njuchi zosamuka. Popanda odi, popanda moni, chinadumpha miyala ija n'kuyamba kuzungulira antena. Anachikuwira m'Chichewa, zii. Anayesa Chipwitikizi chawo chotsimphina, zii. Mtima unangoti ntchito yapita. Anasolola legeni yothamangitsira anyani, mwala wachitatu, phwa! Chinthucho pansi.

Tsono kwathu kuno chiweto cholowa m'munda mwa eni amachimanga mpaka mwiniwake abwere. Anachimanga mwendo umodzi pa chikhomo, pamthunzi, n'kukhala pambali.

Mwiniwake sanachedwe: mayi wa chisoti choyera, Marlene, injiniya wa kampani yomwe ija. Galimoto anaisiya kumsewu, naulutsa dironi kuti aone dzimbiri pamwamba pa antena.

"Bambo, mwaswa katundu wa mabwana anu!"

"Mayi, kalata ndi iyi. Analemba ndi mabwana omwewo."

"Yathuyi ili ndi chilolezo!"

"Chili pati? Ine ndaitembenuza konsekonse, sindinaone pepala."

Marlene anayang'ana kalata, nayang'ana chingwe cha pamwendo wa dironi. Anatola mapiko osweka napita, legeni nayo m'chikwama.

Mwezi wathunthu a Policarpo ankangodikira kuchotsedwa ntchito. Kenako inabwera kalata ina. Ntchito sinathe, koma akuti azigwira madironi opanda chilolezo okha, achilolezo aziwasiya, ndipo asaponyenso mwala.

Kusiyanitsa kwake sanawauze. Moti lero kukangolira kanthu m'mwamba, mudzawapeza ataima pa miyala yawo, kapusi m'manja kuopa kuti mwina ndi mabwana, akukuwa chagada: "Pepani, ndinu a kuti? Tsikani tione mapepala!"