Kadeti Sanyamula Mbatatesi

Tsiku lomwe ndinasamukira mumsewu wathu uno ku Huancayo, ndinawapeza mayi a nyumba yoyandikana nafe akuyanika magolovesi oyera mosamala ngati nsalu za kutchalitchi. Magolovesiwo ndi a mwana wawo Edilberto, yemwe ali kusukulu yogonera ya asilikali ku Lima. Sukuluyo inadya nkhumba zawo, inadya makina osokera, kenako inameza kangolo komwe ankakankhira katundu kumsika. Panopa amabereka thumba kumsana, koma ukawamvera chisoni amangoti, "Ulemu ndi wodula, anzanga."

Patchuthi mnyamatayo anabwera mabatani ali waliwali, ndipo mayi ake anapita naye kumsika kuti anthu amuone. Pobwerera bondo linawavuta.

"Tandilandira mbatatesizi, mwanawe."

"Amayi, kadeti sanyamula katundu atavala yunifolomu. Ndi lamulo."

"Ndiye vula jeketelo."

"Pamsewu? Limenelonso ndi lamulo."

Mayiwo anakwera chitunda chonse atawerama, iye ali pambali, chifuwa patsogolo. Tonse tinaona.

M'mawa mwake mayi aja anatipeza pampopi, ndipo sanadikire kuti tifunse.

"Mwamuona mwana wanga? Ndalama sizinapite pachabe ayi. Njira yonse sanandisiye ndekha, amandiwerengera mapazi: kumanzere, kumanja, kumanzere!"