Mindindi ya achimwene

Ndinadzuka tambala asanalire, msana uli gwa chifukwa cha mphasa. Amayi a mpingo anali atatopa ndi nyimbo za usiku wonse, ena akusinza chokhala mozungulira bokosi la achimwene. Panja abambo ankasonkhezera zitsa, ndipo kuseri kwa chigafa moto wophikira unali utayaka kale. Ine mtima unali pa kapepala kamene ndinamangirira kunsonga ya chitenje. Abale anandisankha kuti ndiwerenge mbiri ya malemu, ati poti ndine mphunzitsi. Zonse ndinali nditalemba kupatula mzere umodzi, wonena za ntchito yawo.

Vuto linali amayi athu. Kalekale achimwene atabwera kutchuthi kuchokera kunja, amayi anawafunsa chimene ankaphunzira kumeneko. Amayiwo anali m'chigafa, akusankha fodya. Achimwene anakanda mutu, kenako anati, "Mindindi, amayi." Dzina la masamu awo pa Chingerezi limanenadi za zinthu zomangidwa pamodzi, ndiye iwo anangotola mawu amene anali pafupi, dzina la timitolo ta fodya. Basitu, Lisasadzi yonse inamva kuti mwana wa amayi ndi katswiri wa fodya. Matenanti, antchito a m'minda ya fodya, ankawabweretsera masamba kuti awaone, iwo n'kumatembenuza tsambalo mwaulemu, chonsecho munthu wake sankasiyanitsa fodya ndi mpiru. Anafe tinkasekera kumbali. Tsopano kuseka kunali kutatha. Ndikanena zoona pagulu, ndiwachititsa manyazi amayi pa tsiku loika mwana wawo. Ndikanena za fodya, ndiwanamizira achimwene ali m'bokosi.

Kutacha kunagwa kamvula kowaza, kenako kunatentha. Anthu anayamba kufika. Matenanti ochokera ku Mulanje anasiya fodya wosasoka n'kubwera ndi mabanja awo. Mwini golosale wa pa msika, bambo wachisilamu amene anakhala desiki imodzi ndi achimwene, anatseka sitolo n'kubweretsa mabenchi pa ngolo. Adzukulu anabwerako kumanda miyendo ili psuu ndi katondo. Cha m'ma teni inafika minibasi ya anzawo a kuyunivesite, nsapato zawo zakuda zikuterereka m'matope.

Pakati pawo panali mtsikana wina amene analira kuposa mmene mlendo amalirira. Ndinamva kuti anali wophunzira wa achimwene. Ndinamugwira dzanja mpaka m'chigafa.

"Achemwali, ndithandizeni. Kodi achimwene ankachita chiyani kwenikweni? Chingerezi chokha ayi."

Anayang'ana uku ndi uku, n'kutola kamtengo kauwisi koti kakhale mkangala wopachikapo fodya. Anakapinda mpaka nsonga zinakumana, n'kumanga ndi luzi.

"Uwu ndi mzere wokhota, wa mtundu umene umabadwa m'masamu," anatero. "Pamalo paliponse pa mzerewu timapachikapo kamtolo ka mivi yoloza uku ndi uku." Anayamba kumangirira masamba a fodya kuzungulira kamtengoko. "Kapachikidwe kake n'kosiyanasiyana. Kena kamapotoka pozungulira, kena kamamasuka. Aphunzitsi ankafuna kokhazikika kokha. Ankasonkhanitsa konseko ngati munda umodzi, kapachikidwe kalikonse kali mtengo umodzi wa fodya, kenako n'kumawerenga maenje a m'mundamo, aja munthu amachita kuwazungulira. Ukadziwa maenjewo, waudziwa munda."

Kunena zoona, ndinamva theka. Koma kumbuyo kwathu kunamveka mawu osasa. Anali amayi, azakhali atawagwiriza pochokera kubafa.

"Wamanga mofooka, mwanangu. Zimenezi zithothoka. Patse kuno."

Anakhala pa belo la fodya, n'kumasula tsamba lililonse, n'kumanganso ndi zala zawo zakuda ndi utomoni. Mtsikana uja anaseka misozi ili mbwembwembwe.

"Aphunzitsinso ankandiuza zomwezo, amayi."

Nthawi ya mbiri itakwana ndinaimirira. Ndinawerenga za kubadwa, za sukulu, za matenda. Pofika pa mzere uja ndinapinda pepala n'kunena kuti malemu anali mphunzitsi wa masamu, ndipo moyo wawo wonse ankamanga mindindi, kungoti yawo inali ya m'mutu, ndipo ankafunafuna imene simasuka. Matenanti anagwedeza mitu. A kuyunivesite nawonso anagwedeza mitu. Amayi sindinawayang'ane, ndinkaopa.

Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo. Njira ya kumanda kwathu imadutsa m'minda, ndipo bokosi linkayenda pamapewa pakati pa fodya wothyoledwa mpaka m'chiuno. Abambo ankalandirana osaima. Titakwirira, anaitana oika nkhata. Ena anaika za maluwa a pulasitiki zogula ku Kasungu. Amayi anatulutsa m'chitenje kamtengo kopinda kaja, masamba ake ali nganganga, n'kukaika kumutu. Palibe anaseka. Ine ndinalira pamenepo kuposa mmene ndinalirira tsiku la uthenga wa imfa yawo.

Madzulo anthu anabalalika. Mabenchi anabwerera pa ngolo, mphasa tinapinda, ndipo m'nyumba munatsala fungo la utsi ndi malo oyera pamene panali bokosi. Azakhali anagona msanga. Ine ndi amayi tinakhala pakhonde, ndipo iwo anayamba okha.

"Mumayesa sindinkadziwa kuti mumandiseka?"

Anandiyang'ana n'kupitiriza.

"Mwana wothawa mbozi ya fodya angakhale katswiri wa fodya? Ndinam'bereka ndine. Koma zinthu zake zinali zakutali, ndipo mawu amene anandipatsa kuti ndigwire ndi amenewo. Ndiye ndinagwira."

Anapukuta zala pa chitenje, koma utomoni sunachoke. Kenako anandituma kuti ndikatseke chigafa, mbuzi zingalowe.