Mzere wa Chalimbana M'munda wa Waya

Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, ndipo ngakhale pamenepo aphunzitsi anandikweza chifukwa chotopa nane. Choncho mukaona chilembo chapendekeka, musadandaule, mwini wake nayenso anapendekeka kalekale.

Munda wanga wa ku Chipangali uli m'mbali mwa msewu. Bungwe lina la ku Ulaya litabwera kudzaphunzitsa kopaletivu yathu kulima nsawa zatsopano, linafuna malo oti alendo akatsika m'galimoto asadetse nsapato. Ndinapereka wanga. Anthu ankati madala ayamba kukonda chitukuko, koma ine chimene ndinakonda ndi waya. Anati mundawo autchingira, ndipo mbuzi za m'mudzi mwathu ndimazidziwa bwino, zinabadwa zopanda manyazi.

Wayayo ndinali naye ntchito. Amayi anga ankalima chalimbana, nsawa zikuluzikulu zija zoyanga pansi ngati mphasa. Mbewuyo anasiyira ine ndi mlongo wanga, amene anatengedwa chitengwa kupita kutsidya, ku Malawi. Mmodzi zikamuthera, mnzake ankamutapira. Mbewu ya pamtundu sagulitsana, amangopatsana, ndipo wolandirayo sathokoza kwambiri, amangodziwa kuti tsiku lina adzabweza. Chaka chimene bungwelo linabwera, zanga zinatha ndi makoswe. Ndinapalasa njinga kudzera njira ya kumadimba, kumene malire ake ndi mtengo wa mango, n'kupeza mlongo wanga ali gone. Anandimangira nsawa zodzaza manja awiri pansonga ya chitenje. Mvula isanagwe tinamuika m'manda, ndipo ana ake, anthu a m'tauni, zotsala m'nkhokwe anakazinga pamaliro pomwepo.

Tsono chalimbana cha amayi chonse padziko lapansi chinali m'chitenje chija. Ndikanadzala kumunda wakuseri, mbuzi zikanachita Khirisimasi. Tsiku lodzala, anzanga atapita kukamwa thobwa, ndinafukula mzere wapakati, n'kuchotsa mbewu ya bungwe, n'kuikamo yanga.

Poyamba zinkafanana. Koma chalimbana sichidziwa kubisala. Nsawa zatsopano zinaima chilili ngati asilikali, changa chinayamba kutambalala, kuponda anzake, ngati mlamu woledzera pa ukwati. Woyamba kuona anali tcheyamani wa kopaletivu, amenenso ndi msuweni wanga.

"Asuweni, ichi n'chiyani?"

"Nsawa. Kapena maso ayamba kukuvutani?"

"Musandiyese mwana. Lachisanu kukubwera akazembe a ku Ulaya kuchokera ku Lusaka, kudzaona munda uno. Muzule lero."

"Muzule ndinu. Koma muyambe mwapita kumanda kukauza azakhali anu kuti mwazula chalimbana chawo chifukwa cha mzungu wa tayi."

Anandiyang'ana ngati wameza ntchentche, n'kukatenga mlangizi wa bungwe lija. Mlangiziyo anali mayi wachizungu, wamfupi, watsitsi lakuda bii, amene Chinyanja anaphunzira kwa masisitere ku mishoni. Ine ndinali nditakhala kale pakati pa mzere, khasu lili pamiyendo. Anawerama, n'kunyamula nthambi imodzi.

"Atate, mwasokoneza munda wachitsanzo. Tinagwirizana mbewu imodzi."

"Tinagwirizana, amayi. Ndinanama."

"Chifukwa?"

Ndinamuuza zonse, makoswe, njinga, chitenje, maliro. Ndinatsiriza ndi kunena kuti munda ndi wanga, waya ndi wawo, akafuna amasule waya wawo apite naye, koma mzere uwu azula ine nditatsogola kumanda. Ndinkayembekeza kuti atulutsa pepala limene ndinadindapo chala. M'malo mwake anakhala pansi pamtumbira, siketi yoyerayo osaiganizira.

Anati iye anabadwira ku Falansa, koma mtundu wake ndi wa ku Ameniya, dziko lamapiri kum'mawa kwa Ulaya. Agogo a amayi ake anathamangitsidwa kumudzi kwawo kalekale, anthu ambiri n'kufera m'njira. Iwo anapulumuka ndi nyemba zochepa zosokerera mumpendero wa diresi. Ku Falansa ankazidzala m'zitini pakhonde. Atamwalira, adzukulu anali otanganidwa ndi ntchito, nyemba zija n'kufumbwa m'botolo.

"Bwanji osapita kumudziko mukatapeko zina?" ndinafunsa.

"Mudziwo tsopano uli m'dziko la eni ake, atate. Dzina anasintha, ndipo amene amadziwa nyembazo kulibe. Malire a pakati pa dziko limenelo ndi Ameniya anatsekedwa ndili mwana. Akazembe akubwerawa anakhalapo kumeneko, m'misonkhano yonyengerera maiko oyandikanawo kuti agwirizane."

"Anagwirizana?"

"Amakumanabe."

"Ndiye munthu walephera kutsegula malire kwanu, wati akadzipepese ndi kuzula nsawa kwathu?"

Anaseka mpaka kupukuta m'maso, ngakhale sindikudziwa ngati misozi yonseyo inali ya kuseka. Kenaka anati iye sazula, koma sanamanso. Akazembe akafunsa, ndidzayankhe ndekha. Tcheyamani anati ngati ndi choncho dzina langa lichoka pamndandanda wa mbewu ndi feteleza wa chaka chamawa. Ndinamuuza kuti alichotse bwinobwino, asang'ambe pepala.

Lachisanu ndinavala jekete la ku Misa. Magalimoto anabwera atatu, amayi a kopaletivu akuimba. Tcheyamani anakonza zoti alendo ayende m'mphepete, iye mwini n'kuima kutsogolo kwa mzere wanga, manja atatambasula ngati akuumitsa thukuta. Koma msuweni wanga ndi woonda, ndipo chalimbana chinali chitafika kale m'mizere iwiri ya anzake. Akazembe, bambo wamtali wa dazi lopsa ndi dzuwa, analoza ndi chala.

Ndinadzuka. Chingelezi changa n'cha pa sitolo, ndiye ndinayankhula Chinyanja, mlangizi akumasulira.

"Auzeni kuti izi zoimirirazi n'zawo, ndipo n'zabwino, zimacha msanga. Ichi chogonachi n'cha amayi anga. Chinadutsa malire pa njinga, chopanda pasipoti, popanda msonkhano ngakhale umodzi. Chachedwa kucha, chifukwa kwathu sitithamanga. Auzeninso kuti sichichoka."

Ngati anamasulira zonse sindikudziwa, koma mawu akuti msonkhano anafika, chifukwa dazi lija linafiirirako. Akazembe anayankha mawu aatali, aulemu, oti Ulaya amalemekeza nzeru za makolo. Ndinafunsa mlangizi ngati pamenepo avomera kapena akana. Anati, "Atate, ntchito yawo ndi yomweyo, kuti musadziwe." Anajambulitsa chithunzi pafupi ndi nsawa zoimirira, n'kukwera galimoto.

Palibe anazula. Dzina langa linachokadi pamndandanda, waya anakamutchingira munda wa tcheyamani, ndipo chimanga changa chaka chotsatira chinali chachikasu ngati chodwala. Sindinapepese, ndipo mpaka lero sindinapepese. Mzere uja unandipatsa ndowa imodzi ndi theka, zosaswa. Ndinagawa patatu: kwa mwana wanga wamkazi ku Kasenengwa, kwa mdzukulu wa mlongo wanga kutsidya, zotsala zanga, zimene tsopano ndimasunga m'chigubu chotseka, makoswe azingonunkhiza.

Mlangizi atatsala pang'ono kubwerera kwawo ndinamutapira zodzaza dzanja. Anati pabwalo la ndege salola mbewu yaiwisi. Ndinati ndimukazingire, iye n'kukana, amvekere zokazinga sizimera. Anakazisiya kwa masisitere, kuseri kwa khitchini, ndipo ndamva kuti chaka chino zalanda bedi la kabichi.

Tcheyamani anabwera mwezi wathawu, chipewa chili m'manja, akuti akazi ake akufuna chalimbana chothira m'ndiwo, zatsopanozi akuti zimachuluka mafuta. Ndinamusiya aime padzuwa kanthawi ndithu. Kenaka ndinamutapira, poti ndi mbewu ya azakhali ake, ndipo ya pamtundu samana.